Uthenga wa Maliro Umene Unafika ku Springburn

Chisomo ndi Tadala, ana anga, mutu uno ndaulemba papepala chifukwa ndikayamba kufotokoza pakamwa inu mumatulutsa mafoni ndisanafike n'komwe pakati. Sindikudandaula, ndimadzidziwa. Ku tchalitchi ananditcha Wailesi, ndipo dzinalo sindinalikanepo. Mayi anu amati nkhani ikandipeza m'mawa, pofika masana ngakhale oyendetsa mabasi amakhala ataimva. Koma pali nkhani imodzi imene ndinakhala nayo m'mimba zaka zoposa khumi osaitulutsa, ndipo ndikufuna mudziwe kuti bambo anuwa anakwanitsa. Mayina a eni nkhani ndasintha, ndipo nambala ya fulati sindilemba.

1979, Balaka

Ntchito yanga yoyamba inali ya umesenjala pa positi ofesi. Anandipatsa kabudula wa khaki, chikwama cha matelegalamu ndi njinga yakuda yopanda mabuleki akumbuyo. Bwana wanga anali a Mbewe, munthu wamfupi wokonda fodya wa m'mphuno, amene akayetsemula mapepala onse a patebulo ankauluka. Tsiku loyamba anandikhazika pabenchi n'kundiuza kuti kalata ya chibwenzi ikhoza kudikira, ya ukwati ikhoza kudikira, koma telegalamu ya maliro sigona mu ofesi. Kaya kukugwa mvula, kaya tayala laphulika, upite wapansi. Anandiphunzitsanso kaperekedwe kake: sunena uli chiimire pakhomo, uyamba wakhala pansi, kulonjerana, kuitana wamkulu wa pakhomopo, ndiye n'kunena. Matayala ankasowa zaka zimenezo, moti nthawi zina ndinkapakira udzu m'tayala, njinga n'kumadumpha ngati mbuzi. Koma ndinkafika. Anthu ambiri anakwanitsa kukathira dothi pa manda a makolo awo chifukwa cha miyendo yangayi, ndipo mpaka lero ndimanyadira. Pambuyo pake anandikweza kukhala wa pa kauntala, ndinagwirako ku Dedza ndi ku Mchinji, koma lamulo la a Mbewe linandilowa m'magazi.

2004, Glasgow

Mayi anu atapeza ntchito ya unamwino kuno, ine ndinatsatira nditakugwirani manja nonse awiri. Za kuzizira sindinena, mukudziwa. Chimene simukudziwa n'chakuti chaka chotsatira agogo anu aamuna atamwalira ku Ntcheu, abale anga anandibisira milungu itatu. Akuti ankaopa kuti ndisiya ntchito yotsuka mbale imene ndinali nditangoyamba kumene n'kukwera ndege. Ndinamva kwa msuweni wanga amene anandiimbira kudzapepesa, iye akuganiza kuti ndikudziwa kale. Ine amene ndinkapalasa njinga m'matope kuperekera anthu ena uthenga, wanga unagona milungu itatu. Ndinalira kukhitchini ya hotelo ija mpaka wophika wamkulu ananditumiza kunyumba. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti pa moyo wanga sindidzabisira munthu maliro.

2006, Springburn

Apa m'pamene ndinapeza ntchito imene ndinaikonda koposa zonse, yoyang'anira khomo la nyumba yosanja ya mafulati ambirimbiri. Ndinali ndi kaofesi kanga pansi penipeni polowera, kokhala ndi zenera lagalasi, makanema a makamera, mabatani otsegulira chitseko ndi oyankhulira m'mafulati, komanso kakhitchini kokwanira ketulo ndi munthu mmodzi woonda. Bwana wanga anali a Dougie, amene bambo awo ankapanga mitu ya sitima m'dera lomweli mafakitale asanatsekedwe. Chingelezi chawo ndinayamba kuchimva patatha miyezi isanu ndi umodzi, nthawi yonseyo ndinkangogwedeza mutu. Ankanditcha Bigimani, chonsecho ine ndimawafika m'khwapa.

Mavuto analipo. Lifiti inkafa sabata ndi sabata, mchere wothira pa ayezi unkatha pakati pa dzinja, mababu a m'masitepe tinkachita kupempha ngati tikupempha mkazi. Koma ine ndinali ndi anthu oyankhula nawo mazana, ndiye ndikanafunanso chiyani? Aliyense wodutsa ndinkamufunsa kuti wadzuka bwanji, nanga ana, nanga mwendo uja. Poyamba ankandiyang'ana ngati wozungulira mutu. Patatha chaka, agogo achizungu ankatsika dala ndi makapu awo kudzamwa tiyi pazenera langa, ndipo ndinkadziwa amene wakangana ndi mpongozi wake, amene wasiya mowa ndi amene wayambiranso.

2012

Chaka chimenechi kunabwera mayi wina amene ndimutche Susan, ndi mwana wake wamkazi wa zaka khumi, Katie. Anabwera ndi masutikesi awiri okha, ataperekezedwa ndi mayi wina wojintcha wovala jekete yotuwa. Mayi ameneyu ndinadziwa pambuyo pake kuti ndi wapolisi, dzina lake Morag. Chingelezi cha Susan chinali cha kumwera, ku England. Ndinamufunsa monga munthu aliyense woleredwa amafunsira, kuti kwawo ndi kuti. Anati kutali. Ndinati nanenso kwathu n'kutali, ndiye kuti ndife apachibale. Sanaseke.

Madzulo ake a Dougie anatseka chitseko cha ofesi, n'kundipatsa kakhadi kolembedwa nambala ya foni basi. Anati wina aliyense akadzafunsa za mayi ameneyu, ine sindikudziwa kanthu, ndiimbe nambalayo. Ndinafunsa chifukwa chake, anati nawonso sanauzidwe. Kenako anandiloza pamlomo ndi chala n'kunena kuti, "Bigimani, chonde. Apa pokha."

Ndinayamba kuona zinthu. Kalata sizinkabwera, alendo kunalibe. Mwana uja ukamuitana kuti Katie ankatembenuka kachitatu, ngati dzinalo ndi nsapato yobwereka. Mayi ake akamalowa ankayamba ayang'ana magalimoto onse oimika panja. Ine sindinatope, m'mawa uliwonse moni wanga ankamupeza. Mayi anu nawonso anayamba kunditumiza ndi mandasi Loweruka, ndipo Katie anaphunzira kunena kuti zikomo agogo, ngakhale ankatchula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Tsiku lina lifiti itafa ndinamunyamulira Susan matumba a zogula kukwera nsanjika zisanu ndi zinayi. Pa yachisanu mpweya unandithera, tinakhala pamasitepe. Pamenepo mayiyo anangoyamba kulira, n'kukhuthula zonse. Mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake, anali mtsogoleri wa gulu la zigawenga mumzinda wina ku England, anthu ogulitsa mankhwala ozunguza bongo ndi kuotcha mashopu a amene akana kuwamvera. Mwamuna wake ankawayendetsera galimoto. Munthu wina ataphedwa iye akuona, mtima unamukana, anavomera kukachitira umboni mkulu wakeyo kukhoti. Tsopano mwamuna wakeyo anali m'ndende ina yosadziwika, ndipo mkazi ndi mwana apolisi anawatenga m'mawa wina, kuwapatsa mayina atsopano, n'kudzawabisa kuno. Mlamu uja anali atanena poyera kuti akapeza mwanayo, mng'ono wake atseka pakamwa yekha. Susan anati chomupweteka kwambiri ndi mayi ake odwala mtima, amene sankaloledwa ngakhale kuwaimbira foni kuwafunsa kuti adzuka bwanji.

Atapukuta misozi anati, "Ndakuuzani chifukwa mukuoneka kuti ndinu munthu wosunga chinsinsi."

Ana anga, ndinatsala pang'ono kugubuduka masitepe a nsanjika zonse zisanu. Ine? Koma ndinamulonjeza, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinazunzika ngati munthu wogwira mkodzo m'basi ya ku Mzuzu. Ku tchalitchi akandifunsa kuti Wailesi, zikuti bwanji ku Springburn, ndinkati kuli phee. Mayi anu anandiyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, akuti kukhala chete kwanga sikwabwino. Ngakhale iwowo sindinawauze. Koma inali miyezi yokoma. Susan anayamba kuima pazenera langa, kumwa tiyi ndi agogo aja, ndipo pa phwando la Khirisimasi la nyumba yathu ndinamuvinitsa mpaka anaseka mokweza, a Dougie n'kundiyang'ana ngati ndachita zamatsenga.

2013

Linali Lachitatu masana, nthawi itatsala pang'ono kukwana 3 koloko. A Dougie anali atapita kukazulitsa dzino. Panafika bambo wina wa suti yakuda ndi tayi yakuda, maso ofiira, n'kugogoda pagalasi mwaulemu. Anati akufuna mlongo wake amene anasiyana naye kalekale, ndipo anamva kuti akukhala m'nyumba imodzi mwa zosanja za kuno. Mayi awo amwalira, maliro ndi Lachisanu. Anatulutsa chithunzi, ndipo anali Susan, tsitsi lokha losiyana. Anatulutsanso pepala la ku nyumba ya maliro lokhala ndi chithunzi cha gogo wina. Gogoyo mphuno yake, chibwano chake, zonse zinali za Susan. Ndinadziwa pomwepo kuti maliro ndi enieni.

Sindikubisirani, chala changa chinapita chokha pa batani la fulati ija. A Mbewe ankayankhula m'khutu langa, milungu itatu ya bambo anga inkandiwotcha pachifuwa. Ndinadzifunsa kuti kodi ine ndine ndani kuti ndiime pakati pa mwana ndi manda a mayi ake? Lachisanu ndi mkuja. Ndikakana, mayiyu adzamva dothi litauma, ngati ine. Koma ndinakumbukiranso mawu a mlamu uja. Ndinayang'ana wotchi. Katie ankafika kuchokera ku sukulu 3:30, ndipo ankalowera pa khomo lomweli, pamaso pa bambo ameneyu.

Ndinachotsa chala. Ndinachita zimene munthu wa kwathu amachita akakumana ndi namfedwa: ndinatsegula ofesi, kumupatsa mpando, kumugwira dzanja ndi manja awiri n'kupepesa. Kenako ndinamufunsa kuti matenda anayenda bwanji. Inu mukudziwa kuti kwathu wofedwa ukamufunsa zimenezi sumaliza msanga, amayambira tsiku limene malemu anayamba kudandaula mutu, chimene anadya komaliza, mawu amene anasiya. Uyu anangoti anali okalamba. Ndinafunsa kuti anatsirizikira kunyumba kapena kuchipatala, anati kuchipatala, kenako anati kunyumba. Ndinafunsa kuti anadwala chiyani, anati khansa. Ine ndinkadziwa kuti unali mtima. Ndipo nthawi yonseyi maso ake sanali pa ine, ankayendayenda pa makanema a makamera ndi pa bolodi la makiyi. Pa kanema wa panja ndinaona galimoto yasiliva itaima pafupi ndi malo okwerera basi, injini ikulira, mkati muli munthu wina. Maliro anali enieni, koma wobweretsa uthenga sanali mwana wa malemu.

Ndikanati mayi akumufunayo kuno kulibe, akanatuluka n'kukakhala m'galimoto muja, Katie n'kutsika basi pamaso pawo. Ndinamuuza kuti nyumbayi ili ndi anthu ambiri, nkhope ndimasokoneza, koma tiyang'ana m'buku, ayambe wamwa tiyi chifukwa kwathu wofedwa sachoka kukhosi kouma. Ine mkulu wa mpingo, kunama mosaphethira. Ndinalowa m'kakhitchini, kutsegula mpope kuti madzi asokose, n'kuimba nambala ija. Anayankha ndi Morag. Anati mwana amutenga okha ku sukulu, ine ndisadziike pangozi, koma ngati ndingathe kumuchedwetsa munthuyo mphindi khumi ndi zisanu, ndiyesetse.

Mphindi khumi ndi zisanu! Ana anga, Mulungu sapatsa munthu mphatso pachabe. Zaka zonse anthu ankadandaula za pakamwa panga, ndipo tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa chimene anapapangira. Ndinabweretsa tiyi wotentha woti sangamwe msanga. Ndinatsegula buku la mapasulo obwera pa positi, loti mulibe n'komwe mayina a eni mafulati, n'kumatsata ndi chala pang'onopang'ono, magalasi ndikupukuta mzere uliwonse. Ndinamufotokozera maliro a bambo anga kuyambira pa msuweni uja mpaka pa mtengo wa bokosi umene anasankha. Ndinamufotokozera za a Mbewe ndi udzu wa m'tayala. Munthu uja ankagwedeza mwendo, kuyang'ana wotchi, kutuluka thukuta m'dzinja. Ataimirira kuti azipita, ndinamugwira manja onse awiri n'kumuuza kuti kwathu n'kulakwa kwakukulu kulola wofedwa kutuluka osamupempherera. Akanakana bwanji, atavala tayi yakuda?

Ndinapemphera m'Chichewa, diso limodzi lili pa kanema. Ndinayambira kwa Adamu. Ndinadutsa kwa Nowa, kwa Yosefe m'dzenje, kwa Danieli. Pakati pake ndinkati Ambuye, munthu ndamugwirayu ndi chigawenga, Inu mukumudziwa bwino kuposa ine, tsegulani maloboti onse a mumsewu apolisi adutse, Ambuye manja ake ndi aakulu, akandimenya ndifa. Iye akamva mawu anga akutsika ankati ameni, ine n'kukweranso. Ananena ameni kanayi. Nditaona magalimoto awiri atatsekereza galimoto yasiliva ija kutsogolo ndi kumbuyo, ndi anyamata a Morag akuthamangira pakhomo, ndinasiya dzanja limodzi n'kudina batani lotsegulira chitseko. Ameni wachisanu ndinanena ndine, ndipo ndinamunena ndi mtima wonse.

Atawatenga anthu aja, ndinakhala pansi penipeni. Morag anabwera ndi Katie atamugwira paphewa, mwana ali bwinobwino, akudya chokoleti, osadziwa kanthu. Nditamuona ndinaseka ndi kulira nthawi imodzi. Morag atamukweza mwanayo anabwerera n'kundiuza kuti watsimikiza, gogo uja anamwaliradi Lamlungu. Zigawenga zija zinkayenda ndi pepala la maliro nyumba yosanja iliyonse, kudikira kuti wina wachifundo aloze chitseko. Anati Susan sangapite ku maliro chifukwa kumandako n'kumene akumudikirira, ndipo pofika 6 koloko madzulo omwewo ayenera kukhala atachoka mu Glasgow. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti tsopano akukwera kukamuuza.

Ndinamupempha kuti ntchito imeneyo andisiyire ine. Anati malamulo salola. Ndinati mayi, inu mumadziwa kugwira akuba, koma uthenga uwu ine ndinaphunzira kuunyamula inu musanayambe sukulu. Kenako anati tiyeni. Ndinapemphanso kuti ndiitane mayi anu, amene tsiku limenelo sanali pa ntchito, chifukwa uthenga wotere mwamuna sapereka yekha kwa mkazi. Anafika pa takisi atamanga chitenje pamwamba pa jinzi, osafunsa funso ngakhale limodzi.

Sindinanene ndili chiimire. Tinalowa, tinakhala pansi pa kapeti, mayi anu anamukhazika Susan pakati pathu n'kumugwira. Ndiye ndinamuuza. Analira kulira kwenikweni, kumene azungu amachita manyazi nako, mutu uli pa miyendo ya mayi anu. Atatopa ndinamuuza kuti popeza iye sangapite ku maliro, maliro abwera kuno, ndipo ife ndife anthu ake. Ndinamufunsa kuti malemu anali munthu wotani. Anayamba kufotokoza, mmene ankapsereza nyama Lamlungu lililonse n'kunamizira uvuni, mmene ankabera pa masewera a makadi ngakhale posewera ndi mdzukulu wawo. Katie anawonjezera zake. Tinapezeka tikuseka tonse, misozi ili m'masaya. Susan anatchula dzina lenileni la mayi ake, mokweza, kawiri. Morag anayang'ana pazenera ngati sanamve. Tinaimba nyimbo imodzi ya m'buku, ife m'Chichewa, iwo m'Chingelezi, Morag akuthandiza ndi mawu okhuthala ngati a mwamuna. Kenako mayi anu anapinda zovala m'masutikesi awiri aja.

Kuperekeza anandikaniza. Chimenecho chinandipweteka, chifukwa mlendo wa chaka chathunthu sumusiya pakhomo. Ndinabwerera mu ofesi yanga n'kuwaona pa kanema akutulukira khomo lakumbuyo. Katie anayang'ana kamera, anadziwa kuti ndili kuseri kwake, n'kugwada pang'ono monga anamuphunzitsira mayi anu. Galimoto inanyamuka. M'mawa mwake agogo a pazenera anandipanikiza kuti apolisi ankafuna chiyani, ine ndinati anali akuba njinga.

2025

Zaka zonsezi sindinamve kanthu. Sindinadziwe ngati anafika, ngati mlandu unatha, ngati anthu aja anawapezanso kwina. Ndikamva pa nkhani kuti mayi wina wapezeka atafa ku England, ndinkasiya kudya. Nambala ija ndinaiimba kamodzi, inali itatsekedwa.

Tsiku lopuma ntchito anandikonzera phwando m'chipinda chochezera cha pansi. Inu munalipo, mukukumbukira a Dougie akubwera ndi ndodo, amayi a ku tchalitchi ndi masamusa, ndi zoyankhula zanga zimene Tadala anazidula pozimitsa maikolofoni. Mwina simunamuone mayi wina wa imvi amene anaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, mbale ili m'manja. Ine ndinamuzindikira ndi mapewa. Anali Morag, nayenso atapuma kale. Anandikokera pakona n'kunena kuti zimene akufuna kundiuza sananene, ndipo ine sindinamve.

"Ali moyo onse awiri. Mwamuna wake anatuluka m'ndende, ali limodzi. Mtsikana uja wamaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo mwezi watha wabereka mwana wamkazi."

Ndinafunsa kuti ali kuti. Anaseka n'kunena kuti Bigimani, musayambe.

Ndiye mwamva tsopano chimene chinachititsa kuti bambo anu, a mawondo otupa, akankhe mipando n'kuvina nyimbo zitatu zotsatizana, jekete atamanga m'chiuno, mpaka Chisomo anabisa nkhope ndi manyazi. Munandizungulira nonse kufunsa kuti adadi, chachitika n'chiyani. Mayi anu okha ndi amene anayang'ana Morag, kuyang'ana ine, n'kuvula nsapato kudzalowa m'bwalo. Inu ndinakuuzani kuti ndasangalala ndi penshoni. Ndinanama, ana anga. Ndinali nditangomva kumene kuti ndakhala agogo aakulu a mwana amene sindidzamuona, ndipo dzina lake sindidzalidziwa.